Lipoti la nthumwi zomwe zinapita ku msonkhano wa ogula ndi kugulitsa mbewu

A Wapampando, akomiti ndi mamembala nonse a kopaletivi,

Munatituma, tabwerako. Zokamba zinali zambiri, koma yomwe ikutikhudza kwenikweni ndi iyi: phindu la chaka chonse limathawira pa sikelo tsiku logula.

Chimanga cha mu Epulo chimakhala chisanaumitsitse. Tikagula matumba 100 a makilogalamu 50 chinyezi chili pa 18 peresenti, n'kuchiyanika mpaka chifike pa 13 pomwe chimasungika bwino, timatsala ndi makilogalamu pafupifupi 4,710. Matumba pafupifupi 6 apita ndi dzuwa, chonsecho tawalipira. Kuluma njere ndi mano si kuyeza ayi. Pakufunika kachipangizo koyezera chinyezi pamalo aliwonse ogulira, ndipo chonyowa chizibwezedwa kapena chizidulidwa mtengo mwini wake akuona. Masikelo akadindidwe ndi a Malawi Bureau of Standards. Zogula pa ndowa tiwasiyire mavenda.

Mtedza vuto lake ndi chuku. Ena amauwaza madzi kuti usavute kuswa, ndipo poizoni wa aflatoxin amayambira pomwepo. Ogula a kunja akamupeza amakana katundu yense. Tizigula wa makoko, tiziswa tokha utauma.

Nthawi yaitali inathera pa malisiti a nkhokwe, monga amene a bungwe la msika wa mbewu la Agricultural Commodity Exchange for Africa (ACE) amayendetsa. Mbewu imayezedwa, kupatsidwa giledi n'kusungidwa, iwe n'kulandira lisiti lomwe ungakongolere nalo gawo la mtengo wake uku ukudikira kuti mitengo ikwere cha mu Januwale. Njirayi ndi yabwino, koma ife sitikuvomereza kuti tilowe ndi katundu yense. Musanasunge werengerani thiransipoti, matumba, mankhwala a anankafumbwe, lendi ya mwezi uliwonse ndi chiwongoladzanja. Ngati kukwera kwa mtengo komwe mukuyembekezera sikukuposa zonsezi, gulitsani. Chaka cha zokolola zambiri, boma likatsekanso zogulitsa chimanga kunja, mtengo umangokhala pansi koma ngongole ikukula.

Za kudalira msika umodzi, nandolo anatiphunzitsa kale. Mu 2017 dziko la India litaika malire pa nandolo wolowa kumeneko, mtengo kuno unagweratu. Mu 2021 mayiko awiriwa anagwirizana za matani 50,000 pachaka, komabe wogula wamkulu akadali yemweyo. Soya ali ndi pothawira, chifukwa opanga mafuta ophikira ndi zakudya za nkhuku ali konkuno.

Tikupempha komiti kuti katundu tizimugawa patatu: wina wogulitsa msanga kuti ndalama yogulira izizungulira, wina wa mgwirizano wolembedwa ndi wogula tisanakolole, wotsalayo wa lisiti. Alimi tiziwalipira pa Airtel Money kapena Mpamba, kalaliki asamayende ndi chikwama cha ndalama. Mtengo wogulira uzichokera ku ofesi m'mawa uliwonse, ndipo usatsike pansi pa womwe unduna wa zamalimidwe walengeza.

Nkhani ya zoyezera chinyezi ikambidwe pa msonkhano ukubwerawu, misika isanatsegulidwe.

Ife nthumwi zanu.