Mlonda wasanduka dokotala wa mtima?

A Mkonzi,

Ndilembe mkwiyo usanazizire. Loweruka m'mawa bambo anga a zaka 71 ndi anzawo atatu anabwezedwa pa geti la bwalo la mpira lomwe amazungulira daily, mlonda ati mabwana alamula, "madala ngati inu mukatigwera pano ndi mtima tiyankha chani ife?" Eti azikakhala kunyumba azipuma. Kupuma! Munthu woti anapuma kale pantchito akapumenso chani? Bambo anabwerako nsapato zili m'manja, anakhala pampando tsiku lonse wailesi ili pamiyendo osalankhula ndi munthu.

Ndiye mabwana amenewa ndi mlonda wawo, madokotala athu opanda satifiketi, akudziwa kuposa a WHO, bungwe loona za umoyo padziko lonse? Mu 2020 bungweli linanena poyera kuti wa zaka 65 kupita m'tsogolo azilimbitsa thupi mphindi 150 mpaka 300 pa sabata, ndipo kuyenda ndawala komweku kumawerengedwa pa mphindi zimenezi. Nkhaniyi ndi yakale. Mu 1953 dokotala wa ku Britain, Jerry Morris, anatulutsa zotsatira za kafukufuku wake wa ogwira ntchito m'mabasi osanjikiza a ku London ndipo anapeza kuti makondakitala omwe ankangokwera ndi kutsika masitepe tsiku lonse sankadwala mtima ngati madalaivala ongokhala pa chiwongolero. Basi imodzi yomweyo, mitima yosiyana. Kuyenda kumatsitsa BP, shuga amakhazikika, magazi amayenda bwino m'mitsempha, nanga mpando uja umachiza chani?

Komanso ife anafe tisadziyeretse, timawasunga makolo ngati dzira, bambo musanyamule, bambo khalani ndikutengerani, mawa lake sitiroko ikawagwira nkumadabwa kuti anthu osungidwa bwinowa zatani. Kuchipatala nako amangokupatsira mapilitsi pawindo, palibe wofunsa ngati madalawo amatuluka nkomwe m'nyumba.

Inde womva kupweteka pachifuwa, kubanika kapena chizungulire aime kaye akaonane ndi dokotala, izo sindikukana, ndipo bambo anga anapimidwa kale nkuuzidwa kuti aziyenda.

Tsegulani geti kuyambira 5 mpaka 7 koloko m'mawa, ikanipo benchi imodzi, ngati mukuopa milandu madalawo asaine kapepala basi. Mlondayo naye imvi zayamba ndipo amakhala pa kampando kuyambira m'mawa mpaka madzulo, muuzeni azizungulira nawo.

Mwana wa madala obwezedwa pa geti