Tisawakhazike pansi makolo athu okalamba

Akonzi,

Ndiloleni ndidandaule kudzera m'nyuzipepala yanu za chizolowezi chimene ambiri a ife okhala m'tauni timachiyesa ulemu, pomwe chikufooketsa makolo athu. Ndikunena za kuwaletsa kugwira ntchito iliyonse tikawatenga kumudzi kuti adzakhale nafe.

Mayi anga ali ndi zaka 74. Ali kwathu ku Ntcheu ankalawirira kumunda ndi khasu, ankakonola okha chimanga, ndipo Lamulungu ankayenda wapansi pafupifupi ola lathunthu kupita kutchalitchi. Bambo atamwalira ndinawatenga kudzakhala nafe ku Area 25 ku Lilongwe, ndipo pofuna kuti apumule tinawalanda tsache, khasu ngakhalenso mbale zoti atsuke. Akangoti agwire kanthu, zidzukulu zinkathamangira kukawalandira n'kumati: "Agogo, khalani pansi, tichita ndife." Chaka chisanathe, mayi amene ankasenza ndowa yodzaza madzi sankathanso kudzuka pamkeka osagwira khoma, ndipo tsiku lina ndinawaona akulephera kawiri konse kukwera minibasi mpaka kondakitala anachita kuwakoka dzanja. Ife tinkangoti ndi ukalamba, koma dokotala atawapima anatiuza mosabisa kuti minofu ya m'miyendo yawo yafooka chifukwa chongokhala, ndipo kuti munthu wotere sachedwa kugwa n'kuthyoka fupa la m'chiuno. Mawu amenewo anandipweteka kwambiri chifukwa amene tinawafooketsa tinali ife, ana awo.

Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO, m'malangizo ake a mu 2020, limati munthu wa zaka 65 kapena kuposerapo azilimbitsa thupi kwa mphindi zosachepera 150 pamlungu, zomwe ndi theka la ola chabe kwa masiku asanu. Limanenanso kuti azichita zolimbitsa minofu masiku awiri pamlungu, komanso masiku atatu azichita zomuthandiza kuima chilili osadzandira. Zimenezi sizifuna kulipira ku jimu kapena kugula nsapato zodula. Kuyenda ndawala, kuthirira ndiwo padimba, kusesa pabwalo ndi kuvina pakwaya zonse zimawerengedwa, ndipo zimathandiza kwambiri amene akudwala shuga kapena kuthamanga kwa magazi, malinga ayambe afunsa achipatala mulingo wowayenera.

Komabe kuyenda wapansi m'matauni athu si nkhani yapafupi kwa munthu wokalamba. Misewu yambiri ya m'malokeshoni ilibe podutsa oyenda pansi, ndipo akabaza amathamanga mosaganizira gogo amene sangathe kudumphira kumbali. Chomvetsa chisoni koposa n'chakuti m'madera ena nkhalamba ikaoneka ikuyenda yokha m'bandakucha, anthu amayamba kuinong'onezera za ufiti. Mipingo ndi mafumu athandizepo pokhazikitsa magulu oti achikulire aziyenda limodzi, ndipo makhonsolo akamakonza misewu azikumbukira kuti oyendamo ena amayenda ndi ndodo.

Kwathu tinawabwezera mayi khasu lawo laling'ono ndi kamunda kuseri kwa nyumba, momwe adzalamo mpiru ndi bonongwe. Madzulo aliwonse mdzukulu wawo wamkulu amayenda nawo mpaka kumsika, ndipo mwezi wathawu anakwera okha minibasi popita kumaliro ku Kawale.

Wokhudzidwa,
Area 25, Lilongwe