Za kadontho ka kuchidendene kako

Mwana wanga,

Kuno tili bwino, mvula yagwa ndipo tabzala. Chandilembetsa kalatayi ndi chithunzi chimene mpongozi wanga wanditumizira pa WhatsApp. Usamukalipire, ndine ndinamuumiriza. Kadontho kakuda ka kuchidendene kako ndimakadziwa, ndinkakaona pokusambitsa kali ngati kambewu ka mapira. Lero kafika ngati nyemba, m'mbali mwake mwachita manomano, ndipo mbali ina ndi yakuda bii pamene ina ndi yofiirira. Ndamvanso kuti ukufuna kukachotsa wekha ndi lezala.

Usayerekeze, chonde. Ndimvere monga mayi ako, komanso monga munthu amene wakalambira pa unamwino.

Madontho ambiri alibe vuto. Amangokhala maselo opatsa khungu mtundu wake amene aunjikana pamodzi. Koma khansa yotchedwa melanoma imaphukanso m'maselo omwewo, n'chifukwa chake diso lokha, ngakhale la dokotala, silingagamule mlanduwu. Kuti adziwe zoona, madokotala amabaya jakisoni wa dzanzi, n'kudula kadonthoko pamodzi ndi kakhungu kozungulira, n'kusoka. Kanyamako amakaika m'kabotolo ka mankhwala a formalin kuti kasaole, n'kukatumiza ku labu. Kumeneko amakaumitsa m'phula, n'kukadula timagawo topyapyala kuposa khoko la anyezi, n'kutipaka utoto pa kagalasi.

Ndinasuzumirapo pa maikulosikopu tsiku lina, dokotala woyeza matenda akundilozera, ndipo sindinaiwale. Kadontho kabwino maselo ake amakhala m'timagulu, ofanana ngati mazira m'chisa, ndipo akamatsikira mkati mwa khungu amanka nachepa. A melanoma ndi osokonekera: ena aakulu, ena aang'ono, ena opindika. Amamwazikira kumtunda kwa khungu kumene sayenera kupezeka, ndipo amawapeza akugawikana ngakhale pansi penipeni. Nthawi zina zimakhala zovuta kusiyanitsa, moti amapakanso utoto wina kapena kuonetsa dokotala mnzawo. Choncho zotsatira zikachedwa masabata angapo, usataye mtima.

Ikapezeka kuti ndi khansa, amayeza kuzama kwake, njira imene dokotala wina dzina lake Alexander Breslow anafotokoza mu 1970. Ikakhala yosafika milimita 1, nthawi zambiri kuidula bwino kumakwanira. Ikapitirira mamilimita 4, kawirikawiri imakhala itayamba ulendo wopita kwina m'thupi. Ukaona pa rula, mwana wanga, kusiyana kwake n'kochepa bwanji! Tsono ukapala ndi lezala, kapena kutentha ndi mankhwala a pamsika, mizu imatsala mkati, ndipo chimene dokotala akanayeza wachiwononga.

Ndikudziwa zimene unene, kuti khansa ya pakhungu ndi ya azungu. Zoonadi imagwira iwowo kwambiri. Koma ife ikatipeza imakonda kubisala kuphazi, m'chikhatho ndi pansi pa chikhadabo, kumene sitiyang'anako. Bob Marley amene unkamumvera usiku ndi usana uja, yake inayambira pa chala chakuphazi. Anaipeza mu 1977, ambiri akuyesa kuti ndi bala la mpira, ndipo anamwalira mu 1981 ali ndi zaka 36 zokha. Ine ndinasamalirapo mayi wina amene ankati anabayidwa ndi minga kumunda. Anatemera mphini chaka chathunthu. Pofika kwa ife chilonda chinali chikuchucha, mwanabele atatupa m'mphechepeche. Ndinkamusambitsa phazi lija m'mawa uliwonse, iye akundifunsa ngati adzapezanso mphamvu zokakolola.

Mwina kako n'kadontho wamba, ndipo ndikupemphera kuti zikhale choncho. Pita kuchipatala sabata ino, uwauze kuti kakukula ndi kusintha mtundu, upemphe kuti akutumize kwa dokotala wa khungu ku Kamuzu Central Hospital, poti uli ku Lilongwe komweko. Tenga chithunzi chija, ndipo uwaonetse mapazi onse awiri. Ukandiuza tsiku ndikwera minibasi ndidzakuperekeze. Nkhuku ndisiyira azakhali ako.

Moni kwa mpongozi wanga ndi adzukulu.

Ndine mayi ako.