Kalata kwa Nduna Yoona za Ntchito: thandizo la maluso litsike mapiri, lifike ku Chigwa cha Shire

Olemekezeka a Nduna,

Ndine mmisiri wowotcherera zitsulo pa Nchalo. Ndili ndi kashedi ka malata m'mbali mwa msewu wopita ku Nsanje, makina owotcherera awiri, galayinda imodzi, ndi achinyamata asanu amene ndikuwaphunzitsa ntchito. Kalatayi ndailemba poyera kuti anzanga a ku Ngabu, ku Bangula, ku Fatima mpaka ku Marka aiwerengenso, chifukwa zomwe zili m'menemu ndi zomwe timakambirana magetsi akathima, titakhala pansi pa mtengo wa nimu kudikira kuti ayake.

Nkhani yanga ndi ya ndalama zosabweza zomwe mayiko akunja amapereka kuti sukulu zathu za ntchito zamanja zipange ubale ndi sukulu za kwawo. Timamva pa wailesi. Tinamva za mapulogalamu a maluso a STEP, kenako Zantchito, onse a European Union. Tinamva za SAVE, imene World Bank inavomereza mu 2021 ndi madola 100 miliyoni. Palinso Erasmus+, kumene sukulu za maluso za ku Ulaya zimagwirana manja ndi za kuno ku Africa. Ndikuthokoza onse amene amapereka, ndipo sindikunena kuti ndalamazi sizigwira ntchito. Chomwe ndikupempha n'chakuti pamene mukukambirana ndi alendowa za komwe ubale wotsatira upite, Chikwawa ndi Nsanje akhale m'kamwa mwanu poyambirira.

Chifukwa chake ndi madzi.

Ngalande yaikulu ya Shire Valley Transformation Programme ikuchokera ku Kapichira, ndipo cholinga chake n'kukafika ku Bangula, kuthirira mahekitala 43,370. Madzi ake adzayenda okha motsetsereka, koma akafika m'minda adzafuna zitseko zachitsulo zotsegula ndi kutseka, mapaipi, mavavu, ndi makina othirira ozungulira aja timawaona m'minda ya nzimbe. Zonsezi zimachita dzimbiri, zimathyoka, zimatsekeka ndi matope. Ndafunsa anzanga kangapo: chitseko chikadzakana kutseguka mu Okutobala, dzuwa lili pamutu, chimanga chikupota masamba, adzachikonze ndani? Tonse timangoyang'anana.

Ndikufunsa chonchi chifukwa ndinaziona ndi maso anga. Gulu lina la alimi kufupi ndi kwathu linalandira pampu ya sola kuchokera ku bungwe lina. Chaka choyamba zinthu zinayenda, anthu anadya mondokwa m'chilimwe. Chaka chachiwiri pampu inaima. Anabwera kudzanditenga pa kabaza, poti kumudzi aliyense wogwira chitsulo amati adziwa zonse. Ndinayang'ana mapanelo, anali bwino. Mapaipi anali bwino. Vuto linali m'kabokosi kamene kamalandira mphamvu ya dzuwa n'kuipereka ku pampu. Ndinakatsegula, ndinayang'ana timawaya timene tinali m'katimo, ndipo ndinakatsekanso, chifukwa palibe anandiphunzitsapo zimenezo ndipo ndinaopa kuonongeratu. Alimi anasonkha ndalama zoitanira munthu ku Blantyre. Pomwe ankafika, patatha masabata atatu, chimanga chinali chitasanduka mapesi. Anasintha kachipangizo kochepa ngati bokosi la machesi, ntchito yosakwana ola limodzi. Mayi wina amene anali msungichuma wa gululo anandifunsa kuti, "Amisiri, kodi ana athuwa sangaphunzire zimenezi?" Funso lake lija ndi lomwe ndikukutulirani.

Angaphunzire, a Nduna. Pakati pa achinyamata anga asanu aja pali mtsikana wa kutsidya kwa Shire amene analeka sukulu ali Fomu 2, madzi a namondwe Freddy atakokolola nyumba ndi mbuzi za kwawo mu Malichi 2023. Pano akawotcherera felemu ya chitseko, mzere wake umatuluka wosalala moti makasitomala amaganiza kuti ndawotcherera ndine. Dzanja ali nalo, mutu ali nawo. Koma zomwe ndingamupatse ine zathera pamenepo: mafelemu, mabagala, ngolo za ng'ombe, mbaula. Satifiketi alibe, ndipo kontilakita akabwera ndi ntchito yaikulu amayamba wafunsa pepala. Ana athu amapatsidwa fosholo ndi wilibala, sipanala n'kupita kwa amene wabwera naye kuchokera kumtunda.

Makoleji akuluakulu a boma a ntchito zamanja ali ku Soche, Nasawa, Lilongwe, Namitete, Salima, Mzuzu ndi Livingstonia. Ku Chigwa kulibe n'limodzi lomwe. Makoleji a m'madera amene anayamba mu 2015 anatichepetsera mtunda, ndipo wa kwa Tengani timaunyadira. Koma ubale ndi sukulu yakunja suyamba wokha. Pa Erasmus+, wolemba pempho la ndalama amayenera kukhala bungwe la ku Ulaya kapena la dziko logwirizana nawo pa pulogalamuyo, ife timalowa ngati abwenzi. Tsono mphunzitsi wa kuno, amene intaneti amaipeza pa foni ya m'manja bandulo ikakhalapo, akamupeza kuti mnzake wa ku Germany kapena ku Netherlands woti amulembe pa pempho? Amene ali ndi maofesi m'tauni, amene anakumanapo kale ndi azungu ku misonkhano, ndi amene amadziwika, ndipo ndi amene amasankhidwanso. Sindikuwada. Koma zikasiyidwa chonchi, ubale uzingozungulira pomwepo mpaka ngalande idzakalamba.

Apa ndi pomwe unduna wanu ungatithandize osaononga ndalama zambiri. Ikani munthu mmodzi kapena awiri amene ntchito yawo ikhale kufunafuna abwenzi akunja m'malo mwa sukulu za kumidzi, kuwathandiza kulemba mapempho, ndi kulengeza nthawi yake pa mawailesi a m'madera m'Chichewa ndi m'Chisena, kusanatsale sabata imodzi kuti atseke. Ndipo posankha abwenzi, tisakeni amene amadziwa mavuto ofanana ndi athu: anthu odziwa madzi, ngalande, zotchinga madzi osefukira, magetsi a dzuwa, makina olimira. Akuluakulu anati mlendo ndiye amadza ndi kalumo kakuthwa. Ife tikufuna kalumo kometa tsitsi lathuli.

Alendowo akabwera, atsike mapiri a Chikwawa, awoloke mlatho wa Kamuzu, adzakhale nafe mwezi wathunthu. Adzamve kutentha kumene kumafewetsa mapaipi apulasitiki, adzaone mchenga umene Mwanza ndi Ruo amasiya m'minda, adzalawe madzi amchere a m'mijigo ina amene amadya zitsulo. Maphunziro olembedwa munthu ataona zimenezi amasiyana ndi olembedwa m'chipinda chozizira cha hotela. Ndipo pa ndalama iliyonse ya ubale, gawo lalikulu lipite ku zipangizo zomwe mwana adzagwire ndi manja ake. Ana makumi awiri kuzungulira makina amodzi, wina kumaliza chaka atawotcherera kanayi kokha, ameneyo sanaphunzire. Maulendo akunja sindikuwakana, poti mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi, koma apite aphunzitsi amene adzabwerere m'kalasi ndi ophunzira amene adzabwerere ku Chigwa.

Musatiiwalenso ife a m'mashedi. Ana ambiri kuno amaphunzira ntchito kwa amisiri a pamsika: akalipentala, amakanika a njinga zamoto, atelala, omanga nyumba. Titengeni ifeyo mutiphunzitse za sola ndi za mthirira kwa masabata ochepa, mutibweze ku mashedi athu, ndipo aliyense wa ife adzaphunzitsa asanu. TEVETA, bungwe loyang'anira maphunziro a ntchito zamanja limene lakhalapo kuyambira 1999, lili ndi njira yoyesa anthu amene anaphunzira ntchito kunja kwa sukulu n'kuwapatsa satifiketi. Mayeso amenewo azibwera pa Nchalo, pa Ngabu, pa Bangula, ndipo ndalama za ubale zilipirireko ana osauka. Olemba anthu ntchito amapereka 1 peresenti ya malipiro a antchito awo ku thumba la maluso, ndipo makampani a nzimbe a kuno ali m'gulu limenelo. Thukuta la odula nzimbe lili m'thumbamo. Tikufuna tizimva chaka ndi chaka kuti mwa ndalama zimenezo, ndi mwa zakunja zija, zafika ku maboma awiriwa ndi zingati, ndipo zaphunzitsa ana angati.

Za atsikana ndinene mwachidule. Kholo la ku Makhanga silingalole mwana wake wamkazi kukachita lendi yekha kutali ndi kwawo. Popanda malo ogona otetezeka, mayina a atsikana adzakhala pa pepala lokha. Ndiponso maphunziro asaikidwe mu Januwale ndi Febuluwale, pomwe misewu ya kutsidya imaduka ndipo mabanja ena ali m'misasa.

Mukadzabwera kudzayendera ngalande, a Nduna, imani pa Nchalo mphindi makumi awiri. Mudzatipeza ndi magalasi akuda kumaso. Mtsikana uja ndidzamupatsa zitsulo ziwiri kuti alumikize inu mukuona, ndipo kachipangizo kakufa ka pampu ija ndinakasunga m'chitini cha misomali, ndidzakuonetsani.

Ine wanu,
Mmisiri wowotcherera zitsulo,
Nchalo, Chikwawa