Kalata kwa Nduna ya Zamaphunziro: MUST ili pakhomo pathu, ana athu alowa bwanji?

Olemekezeka a Nduna,

Ndikulemba kuchokera ku Goliati m'boma la Thyolo, kufupi ndi ku Ndata kumene kuli yunivesite ya MUST. Lamulo loikhazikitsa linadutsa m'Nyumba ya Malamulo mu 2012, nyumba zake zinamangidwa ndi ngongole ya ku China, ndipo ophunzira oyamba analowa mu 2014. Mu 2021 University of Malawi inagawidwa, n'kubadwa mayunivesite a MUBAS ndi KUHeS. Mayunivesite a boma achuluka ndithu, zimenezo sitikukana.

Koma bwana, maphunziro ambiri a ku MUST amafuna mwana wokhoza masamu ndi sayansi. Nanga ana a kuno sayansiyo akuiphunzira kuti? Ambiri ali m'ma CDSS, ndipo ambiri mwa masukulu amenewa alibe labotale. Mphunzitsi amajambula chipangizo pabolodi ndi choko, mwana n'kudzachigwira koyamba mayeso a MSCE atayandikira. Ndiye pa kasankhidwe ka NCHE, bungwe loyendetsa ntchito yosankha ana olowa m'mayunivesite a boma, mwana yemweyu akapikisane ndi mnzake wa sukulu yogonera komweko, ya mabuku ndi aphunzitsi okwanira. Kota, njira yosankha ana potengera boma lomwe akuchokera, munaithetsa mu 2020 kuti aliyense azilowa ndi mapointi ake. Chabwino. Koma mapointi sabwera okha ngati chiperoni, amachokera m'kalasi.

Wina akalimbikira mpaka dzina lake kutuluka, kwatsala fizi, malo ogona ndi chakudya. Kholo lothyola tiyi, limene ntchito yake imachepa mvula ikatha, ndalamazo lizitenga kuti? Bungwe lopereka ngongole kwa ophunzira lilipo kuyambira 2015, koma ofunsira amachuluka kuposa ndalama. Chopweteka n'chakuti ena amene anaphunzira ndi ngongole za boma, lero ali pantchito zabwino, sanabwezebe. Atsatireni abweze, kuti ang'ono awo nawonso apeze.

Musanaike mwala wa maziko wa yunivesite ina (wa ku Mombera ku Mzimba tikuukumbukirabe), tapitani kaye ku Thekerani ndi ku Muloza mukaone m'mene ana a Fomu 3 akuphunzirira kemisitiri. Mu bajeti ikubwerayi muikemo ndalama zomangira malabotale m'ma CDSS ndi nyumba za aphunzitsi a sayansi, poti mphunzitsi wopanda nyumba sachedwa kupempha kusamukira ku Blantyre.

Ine wanu,
Mphunzitsi wopuma pantchito, Goliati, Thyolo