Filimu ya zigoba ija yatipusitsa, wakuba weniweni anali ndi maikolofoni

A Mkonzi,

Ndiloleni nditulutse zomwe zandikhala pakhosi kuyambira Loweruka lapitali. Aliyense wa kuno ku Vila Ulongwe akumudziwa mneneri uja adalowera pa Calomue ndi zimkuzamawu zake, ndipo dzina lake sindilitchula kuopa kumutsatsira malonda mwaulere. Usiku wa tsikulo bambowa adapachika chinsalu pabwalo, naliza jenereta, natiwonetsa filimu yachizungu yomasuliridwa m'Chichewa ndi anyamata aja amalankhula pamwamba pa mawu. Polowa padalibe kulipira, ndiye ana adadzaza kutsogolo konse.

Filimuyo mukuidziwa ngakhale simudaiwonere, poti onse amtunduwu ndi amodzi. Gulu lachinsinsi lokumana pakati pa usiku, mikanjo yakuda, makandulo, zigoba kumaso, mtsikana womangidwa pathebulo, magazi m'mbale. Itangotha, mneneri adatenga maikolofoni n'kutiuza kuti anthu otere ali m'nyumba mwathu momwemu, ndipo m'bale aliyense wotiletsa kubwera kumapemphero ake ndi mmodzi wa iwo. Kenaka mbale za chopereka zidayamba kuyenda. Mlamu wanga, yemwe adaferedwa mwamuna chaka chatha, anali atapereka kale ndalama za mbatatesi zomwe amayenera kugulira feteleza, ndipo kuyambira usiku umenewo sakudyanso nsima yophika mayi ake omubereka.

Koma zomwe zandiwawa kwambiri ndi zigobazo. Anthu a zigoba akangotulukira pachinsalu, womasulira uja ankafuula kuti zilombo zatuluka kudambwe, bwalo lonse n'kufa nako kuseka. Ha! Ndiye kuti zigawenga zobadwira m'mutu mwa munthu wa ku Hollywood zasanduka Gule Wamkulu? Gule yemwe bungwe la UNESCO lidamulemekeza mu 2005 m'dzina la Mozambique, Malawi ndi Zambia? Gule yemwe amaperekeza maliro a makolo athu ku Macanga, ku Chifunde ndi kuno ku Angonia, yemwe Ogasiti aliyense amavina pamaso pa Kalonga Gawa Undi ku Mkaika pamwambo wa Kulamba? Amishoni adalimbana naye zaka zambirimbiri osamutha, lero atheredwe ndi mnyamata wa laputopu? Zikomo kwambiri, aphunzitsi athu a chikhalidwe! Mwana wa zaka 7 wabwerera kwawo ali ndi nzeru yatsopano yoti agogo ake ovinidwa amamwa magazi. Dipuloma yanu mukatengere kumsika.

Tsono tiyeni tiwerenge maliro enieni, tiwone ngati tipezapo chigoba ngakhale chimodzi. Jim Jones wa ku America ankavala suti ndi magalasi akuda, ankadyetsa osauka, ankasamalira okalamba, ankalalikira kuti akuda ndi azungu akhale pabenchi limodzi. Mu 1976 meya wa San Francisco adamupatsa mpando m'komiti yoyang'anira nyumba za mzindawo. Pa 18 Novembala 1978, m'nkhalango ya ku Guyana, anthu ake oposa 900 adafa ndi chakumwa chothira poizoni, ndipo pafupifupi 300 anali ana. Ku Kanungu, ku Uganda, pa 17 Malichi 2000, anthu a gulu lina lachipembedzo adatsekeredwa m'tchalitchi moto n'kuyatsidwa, ndipo apolisi atakumba m'malo ena a gululo, akufa adapitirira 700. Atsogoleri anali ndani? Joseph Kibwetere, bambo wolemekezeka kwawo, Credonia Mwerinde yemwe ankati amawona Maria m'masomphenya, ndi wansembe wophunzira ndithu, Dominic Kataribabo. Adauza anthu kuti agulitse katundu wawo poti dziko litha 1999 ikamatha. Dziko litakana kutha, ena adayamba kuitanitsa zawo, ndipo yankho lidali moto uja. Dzulodzuloli, mu 2023, ku Shakahola ku Kenya adafukula mitembo yoposa 400, ndipo yemwe adaimbidwa mlandu wouza anthuwo kuti asale kudya mpaka akakumane ndi Yesu ndi Paul Mackenzie, munthu yemwe kale ankayendetsa takisi. Ulaliki wake udali pa TV ndi pa YouTube, dzuwa likuswa mtengo.

Opanga mafilimu sajambula chiyambi cha zinthuzi chifukwa sichigulitsa. Ndani angalipire kuti awonere munthu akupatsidwa moni wabwino? Komatu zimayamba choncho. Amakupeza mtima uli pabala: waferedwa, wabwera chimanjamanja kuchokera ku Joni, ntchito yakuthera kumigodi ya Moatize, mwana akudwala osachira. Amakukumbatira, amakuimbira foni m'mawa ndi madzulo, amakutcha wosankhidwa. Kenaka uulule machimo ako onse kwa "adadi", ndipo zinsinsizo zimasungidwa bwinobwino kudikira tsiku lomwe udzafune kuchoka. Mapemphero ochezera usiku ndi kusala kudya zimatsatana mpaka mutu umasiya kugwira. Chopereka chimayamba ndi mametikali ochepa, chimafika pa mbuzi, chimathera pa dimba. Ukachira ndi mphamvu ya adadi, ukapanda kuchira ndiye kuti chikhulupiriro chako n'chochepa, wonjezera. Ndipo m'bale aliyense wotha kukufunsa funso amasandutsidwa mfiti, mmodzimmodzi, mpaka watsala wekha ndi iwo. Ndi chiswe m'nsanamira chimenechi, kunja mtengo ukuwoneka wamphumphu.

Mafilimuwa amanamanso pojambula ogwidwa msampha ngati zitsiru zongoyang'ana m'mwamba, kotero wowonera amadziguguda pachifuwa kuti iye sangapusitsidwe. Mlamu wangayu si chitsiru. Ogula mbatatesi ochokera ku Tete ndi ku Beira amamudziwa, palibe adamuberapo pasikelo. Chomwe adasowa ndi munthu womumvetsera maliro atatha, ife achibale tonse titabwerera kuminda yathu. Mneneri adamvetsera. Ndipo nzeru zake taziwonani: kutiwopseza ndi gulu la pachinsalu kuti tisazindikire gulu lomwe takhalamo, ndi kutenga mantha omwewo n'kudulira nawo anthu kwa abale awo. Wopanga filimu adamunolera mpeni, womasulira n'kumuikira mpini.

Poti ndayamba, ndinene ndi za timanyumba ta vidiyo tadzaza m'misikamu, kuyambira pa Domue mpaka ku Zobue. Nthawi ya sukulu ana ali mmenemo ndi mayunifomu awo, akuwonera anthu akudulidwa makosi, mwini wake akuwerenga makobiri pakhomo. Palibe wofunsa zaka za mwana. Kodi tayiwala 2017? Kumwera kwa Malawi, makamaka ku Mulanje, anthu osalakwa adaphedwa powaganizira kuti ndi anamapopa, ndipo chaka chomwecho ku Milange amuna adazi adaphedwa ati m'mitu mwawo muli golide. Dera lomwe mphekesera yokha imapha munthu ndi loti muziliwonetsa mbale za magazi usiku, kenaka n'kuloza chala m'mabanja? Nkhalamba ina ikadzagendedwa kuno, tidzamve wina akuti zatidzidzimutsa.

Ndikupempha akuluakulu oyang'anira zachikhalidwe ku Tete, mafumu athu, masekeletale a m'mabairo ndi abusa enieni omwe mayina awo akudetsedwa ndi anthu ngati awa, kuti achitepo kanthu mbatatesi za amasiye zisanathe. Wofuna kuwonetsa filimu pabwalo ayambe waiwonetsa kwa amfumu, ana asamaloledwe pa zamagazizi, ndipo mbale ya chopereka isamayende pambuyo pa filimu yowopseza. Wailesi ya m'dera lathu ipereke ngakhale theka la ola kwa anthu omwe adatulukamo m'magulu otere kuti afotokoze okha momwe adakodwera, mayina awo asatchulidwe. Womasulira ujayo akapepese kwa eni dambwe, nkhuku akudziwa kogula.

Wodandaula,
Vila Ulongwe, Angonia