Kalata kwa mwana wanga wophunzitsa handball

Wokondedwa mwana wanga,

Kuno tonse tili bwino, kaya iwe kumeneko. Amayi ako akupereka moni. Uthenga wako ndaulandira, ndipo ndakondwa kumva kuti akupatsa anyamata oti uwaphunzitse handball. Koma ndaonanso kuti mtima wako wathamangira kale ku chikho cha chaka chino, mpaka ukuganiza zotenga anyamata akuluakulu okhaokha n'kusiya ang'ono. Apo pokha ndiye sindikugwirizana nawe, n'chifukwa chake ndati ndikulembere usanasankhe timu.

Ndikunena kuti handball chifukwa kwathu kuno ukangoti mpira wamanja, anthu amamva netball. Makolo a anawo uwafotokozere bwino kusiyana kwake, kuti asadabwe akaona ana awo akukankhana pachifuwa ndi kudumphira kugolo.

Ndikufuna uyang'ane mbiri ya timu ya amuna ya dziko la Egypt. Bungwe lawo loyendetsa masewerawa lidakhazikitsidwa mu 1957, koma chikho cha Africa adachitenga koyamba mu 1991. Werenga zaka zimenezo wekha. Atatero adachitenganso mu 1992, 2000, 2004, 2008, 2016, 2020, 2022 ndi 2024. Pofika 2024 Tunisia inali itachitenga ka 10, Egypt ka 9, Algeria ka 7. Zikho za Africazi usazitengere pamwamba kwambiri, chifukwa zimangozungulira m'manja mwa maiko atatu akumpoto. Muyeso weniweni ndi mpikisano wa dziko lonse ndi ma Olympics, kumene maiko a ku Ulaya amalamula.

Kumeneko nkhani imayambira pa ana. Mu 1993 timu ya Egypt ya anyamata osapitirira zaka 21 idatenga chikho cha dziko lonse pakwawo pomwe, itagonjetsa Denmark mu fainolo. Taona zimene zidatsatira ku timu yaikulu: nambala 6 pa mpikisano wa dziko lonse mu 1995, nambala 6 ku ma Olympics a ku Atlanta mu 1996, nambala 6 kachiwiri mu 1997, nambala 7 mu 1999 pamene mpikisano udachitikira kwawo, kenako nambala 4 ku France mu 2001. Chaka chimenecho Egypt idakhala timu yoyamba yosachokera ku Ulaya kufika mu semifainolo. Kuchokera pa chikho cha anyamata chija kufika pamenepa padapita zaka 8.

Gulu limenelo litakalamba, timu idatsika. Kuyambira 2003 mpaka 2017 siidalowenso m'gulu la matimu 8 apamwamba pa dziko lonse, ndipo ku ma Olympics a ku London mu 2012 sidapite n'komwe, kudapita Tunisia. M'zaka zomwezo zikho za Africa ankatengabe apo ndi apo, ndipo munthu wongowerenga zikho akadati zinthu zili bwino. Kudzuka kwawo kudayambiranso pansi. Mu 2019 anyamata osapitirira zaka 19 adatenga chikho cha dziko lonse ku North Macedonia atagonjetsa Germany 32-28, ndipo azaka 21 adatenga mendulo ya buronzi chaka chomwecho. Ena mwa anyamatawo, monga Hassan Kaddah ndi Ahmed Hesham, adakwera msanga kukasewera limodzi ndi akuluakulu monga Ahmed El-Ahmar, goloboyi Karim Hendawy, Mohammad Sanad ndi Yahia Omar. Ku ma Olympics a ku Tokyo, amene adachitika mu 2021, mphunzitsi wawo ali Roberto García Parrondo wa ku Spain, adagonjetsa Germany 31-26 mu kotafainolo, adagonja kwa France 27-23 mu semifainolo, n'kuphonya buronzi pogonja kwa Spain 33-31.

Iwe ulibe makalabu ngati Al Ahly ndi Zamalek a ku Egypt okukonzera osewera. Kalabu ndiwe wemwe. Choncho anyamata azaka 17 usawataye, azisewera ndithu, koma masiku awiri pa masiku atatu a zokonzekera uwapereke kwa ana azaka 10 mpaka 13. Amenewo ndi amene udzakhale nawo nthawi yokwanira kuti uwaumbe.

Choyamba ndi mpira. Vuto lalikulu la matimu a ana ndi kusewera ndi mpira wa akulu chifukwa ndi umene ulipo. Wa amuna akulu, saizi 3, kuzungulira kwake ndi masentimita 58 mpaka 60, kulemera magalamu 425 mpaka 475, ndipo ndi wa oyambira zaka 16. Anyamata azaka 12 mpaka 16 amasewera ndi saizi 2, masentimita 54 mpaka 56. Azaka 8 mpaka 12 ndi saizi 1, masentimita 50 mpaka 52. Mwana akapatsidwa mpira umene zala zake sizingaugwire ndi dzanja limodzi, amayamba kuukankha kuchokera paphewa, chigongono chili pansi, m'malo mouponya. Chizolowezi chimenecho chikakhazikika sichichoka msanga, ndipo phewa limayamba kupweteka adakali wamng'ono. Ndalama zikapezeka zochepa, gula mipira ing'onoing'ono yambiri m'malo mwa umodzi wodula, kuti ana awiri aliwonse akhale ndi wawo. Poponya, chigongono chikhale mofanana ndi phewa kapena kupitirira pang'ono, ndipo woponya ndi dzanja lamanja atsogoze phazi lamanzere.

Bwalo lenileni ndi mamita 40 m'litali, 20 m'lifupi. Golo ndi mamita 3 m'mbali, 2 kupita m'mwamba. Mzere wa mamita 6 ndiwo malire a goloboyi, wodukizadukiza wa mamita 9 ndi wa mpira waulere, penate amaponyera pa mamita 7. Ngati bwalo lomwe lilipo ndi la netball, dziwa kuti ndi laling'ono, mamita 30.5 kwa 15.25. Kwa ana silikuipa, uzingochepetsa osewera, anayi ndi goloboyi mbali iliyonse. Koma akuluwo akazolowera pamenepo, osewera m'mapiko amasowa malo ndipo tsiku la mpikisano amatha mpweya chigawo choyamba chisanathe. Kamodzi pa sabata jambula miyeso yonse ndi laimu pa bwalo la mpira wamiyendo. Ndipo chonde golo ulikhomerere pansi kapena ulimangirire. Ana amakonda kulendewera pa mtanda, ndipo golo lachitsulo likagwera mwana limapha.

Pa katchingidwe, usafulumire kuimika ana onse 6 pa mzere wa mamita 6 ngati mpanda. Njira imeneyo imawina magemu a ana chifukwa ana satha kuponya kuchokera patali, koma siphunzitsa kanthu: miyendo siyenda, maso sawerenga mpira. Aang'ono aliyense azitsatira munthu wake bwalo lonse. Za 6-0 (onse 6 pa mzere) ndi 5-1 (asanu pa mzere, mmodzi patsogolo) zibwere akafika zaka 14 kapena 15. Uwaphunzitse kukumana ndi mdani kutsogolo, chifuwa ndi chifuwa, dzanja limodzi pa mkono woponyera, lina m'chiuno. Kukoka kuchokera kumbuyo kapena m'mbali kumatulutsitsa munthu kwa mphindi ziwiri, ndipo akatuluka katatu sabwereranso.

Mwana wamanzere ukamupeza, usamulole kupita. Kumbali yakumanja kwa bwalo, wamanzere ndiye amaliona golo bwino, n'chifukwa chake El-Ahmar, Omar ndi Sanad onse ndi amanzere osewera mbali imeneyo. Goloboyinso usamusankhe chifukwa choti satha kuthamanga. Ana onse azisinthana kugolo mpaka uone amene sathawa mpira ndiponso amatha kuponya patali molunjika, pakuti chigoli chosavuta chimayambira m'manja mwake. Amene adazolowera netball amaima akalandira mpira. Akumbutse kuti pano ali ndi masitepe atatu ndi masekondi atatu, ndipo alandire mpira akuthamangira kugolo.

Tsopano mbali ina ya mbiri ya Egypt, imene imandiwawa ndikaiganiza, ndipo ndikufuna uiwerenge kawiri. Timu imeneyi kangapo yagwera pakhomo, osati chifukwa chochepa mphamvu, koma m'masekondi otsiriza.

Mu January 2021 mpikisano wa dziko lonse udachitikira ku Egypt, woyamba kukhala ndi matimu 32, m'mabwalo mopanda anthu chifukwa cha Covid. Mu kotafainolo ku Cairo adakumana ndi Denmark, amene anali akatswiri a dziko lonse. Mphindi 60 zidatha 28-28. Kumapeto kwa nthawi yowonjezera yoyamba Denmark inkatsogola ndi chigoli chimodzi, woyimbira adapereka mpira kwa Egypt, Mikkel Hansen wa Denmark n'kuutaya kutali kuti nthawi ithe. Adalandira kadi yofiira, Egypt idapatsidwa penate, Sanad n'kumwetsa: 34-34. Kumapeto kwa nthawi yowonjezera yachiwiri zidatembenuka. Egypt inkatsogola 35-34, chipambano chili m'manja, Ibrahim El-Masry wa Egypt adasokoneza mpira waulere wa Denmark. Nayenso kadi yofiira, penate, Magnus Landin n'kufananitsa. Pa mapenate goloboyi wa Denmark Niklas Landin adagwira awiri, Denmark idapambana 4-3, ndipo idapitirira mpaka kutenga chikho.

Zolakwa ziwirizo ndi lamulo limodzi. M'masekondi 30 otsiriza, wosewera akalepheretsa kapena kuchedwetsa mdani kuyambitsa mpira, kaya poutaya kutali, kaya poima pafupi kuposa mamita 3 n'kutchinga, chilango ndi kadi yofiira ndi penate, ngakhale zitachitikira pakati pa bwalo. Ngati Hansen, amene adasankhidwapo katatu kukhala wosewera wopambana pa dziko lonse, adakodwa nalo, mnyamata wako wazaka 15 angapulumuke bwanji osaphunzitsidwa?

Ku ma Olympics a 2024 a Egypt adafanana mphamvu ndi France 26-26 m'gulu, kenako mu kotafainolo ku Lille adatsogola Spain nthawi yaitali n'kugonja 29-28 pa nthawi yowonjezera. Mu January 2025 ku Zagreb, mu kotafainolo ya dziko lonse, adafananitsa ndi France 33-33 kutatsala masekondi ochepa. France idathamangitsira mpira pakati, Luka Karabatić adaponya ali pomwepo, golo lili lopanda munthu, ndipo mpira udalowa nthawi ikutha: 34-33. Kuyambira 2016 malamulo amalola kutulutsa goloboyi n'kulowetsa wosewera wina wamba. Njirayo imathandiza pofuna chigoli, koma chigoli chikangolowa, golo lako lili pambalambanda mpaka goloboyi abwerere.

Nazi zoti uzichita, ndipo usamaziphonye. Mphindi 10 zotsiriza za zokonzekera zilizonse uzisewetsa mathero a gemu, wotchi ili m'manja, ukuwauza mokweza: mwatsala ndi masekondi 40, mukutsogola ndi chimodzi, mpira ndi wa adani. Tsiku lina utembenuze, akhale kumbuyo, kapena akhale osewera asanu chifukwa mmodzi watuluka. Ichite nthawi imene atopa, chifukwa mutu wotopa ndi umene umalakwitsa. Wezulo ikalira mowatsutsa, wogwira mpira auike pansi pomwepo, osaugubuduza, osamupatsira mdani, ndipo onse abwerere mamita 3. Wolakwitsa apa umupatse chilango chenicheni cha penate ngakhale ndi zokonzekera chabe, kuti anzake amve kuwawa kwake.

Kasinthidwe ka osewera nakonso kazikonzekeredwa ngati kuponya. Malo osinthira ndi mamita 4.5 kuchokera pa mzere wapakati, mbali ya benchi yanu, ndipo wolowa sayenera kuponda m'bwalo wotuluka asanatuluke. Akafulumira ndi sitepe imodzi yokha, ndi mphindi ziwiri panja, ndipo ngati mpira unali wanu wapita kwa adani. Ika munthu mmodzi pa benchi woti agwire jezi ya wolowayo mpaka mnzake adutse mzere. Za kutulutsa goloboyi, kwa ana ako ndikuti usayambe. Ukadzayamba ndi akuluwo, sankhiratu amene adzathamangire kubenchi, akhale wosewera kumbuyo mbali yoyandikana ndi benchi, ndipo anyamuke mpira ukuchoka m'dzanja la woponya, asadikire kuona ngati walowa. Chigoli akasangalalire kunyumba. Pambuyo pa chigoli chilichonse, onse athamangire kumbuyo maso ali pa mpira.

Nthawi yopumira ya mphindi imodzi, imene mphunzitsi amapempha ndi kadi yobiriwira timu yake ikakhala ndi mpira, pa malamulo a mipikisano yaikulu imaperekedwa katatu, osapitirira kawiri pa chigawo chimodzi, ndipo kamodzi kokha m'mphindi 5 zotsiriza. Funsa okonza mpikisano wanu kuti iwo akutsata ziti, ndipo imodzi uzisunga mpaka kumapeto. M'mphindi imeneyo nena zinthu ziwiri zokha: ndani aponye, ndipo aponye patatsala masekondi angati. Mukafanana zigoli, kuponya kutatsala masekondi 15 n'kupatsa adani mpata womaliza iwo. Koma osazengerezanso mopitirira, chifukwa woyimbira akakweza dzanja kuchenjeza za kuchedwetsa masewero, mwatsala ndi mapasi anayi okha.

Magemu atatu a kotafainolo ndatchulawa, a Denmark, Spain ndi France, uwafufuze pa intaneti, uonetse anyamata mphindi zotsiriza zokha, uziimitsa kanema n'kuwafunsa kuti iwo akadatani. Ukabwera pa holide udzatenge kaundula wa ana ako, wolembedwa zaka zawo ndi dzanja limene aliyense amaponyera, tidzaunike limodzi.

Ndine bambo ako.